Kuchotsa chiberekero kwa mayi amene anachitidwapo opaleshoni yokongoletsa pamimba

Amayi ena a m'chigawo cha Tete, makamaka amene ali pa ntchito kapena pa malonda mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, anapitako ku Maputo kapena ku Johannesburg atamaliza kubereka, kukachitidwa opaleshoni yochotsa khungu ndi mafuta olendewera pamimba, ija madokotala amailemba kuti abdominoplastia. Pakapita zaka, ena mwa iwo amauzidwa kuti chiberekero chiyenera kuchotsedwa chifukwa cha zotupa zimene kuchipatala amazitchula kuti mioma, kutaya magazi ambiri pa nthawi ya kumwezi, kutsika kwa chiberekero, kapena khansa. Chimene chimayamba kubwera m'mutu mwa ambiri ndi chakuti kodi pamimba pamene anatayirapo ndalama zambiri paja pawonongeka, ndipo funso limeneli silochititsa manyazi ayi. Komabe maganizo anga ndi akuti chipsera chakale sichiyenera kukhala chimene chikusankha njira yochotsera chiberekerocho. Zoyenera kusankha njira ndi matenda amene ali m'chiberekeromo ndi luso la amene agwire mpeni, pamene opaleshoni yakale ija imangosintha kachitidwe ka njira iliyonse.

Kuti kusiyana kwa njirazi kumveke, ndi bwino kukumbukira zimene zinachitika pa opaleshoni yoyamba. Dokotala anacheka m'munsi mwa mimba kuchokera pa fupa la m'chiuno la mbali imodzi kukafika pa la mbali inayo, anasenda khungu pamodzi ndi mafuta ake kulilekanitsa ndi minofu mpaka kufupi ndi nthiti, analikokera pansi, ndipo lotsala analidula. Mchombo sanauzule pa tsinde pake, koma anaucheka mozungulira n'kuutulutsira pa bowo latsopano limene anaboola pa khungu lokokedwa lija. Kawirikawiri anasokanso minofu iwiri yoimirira ya pakati pa mimba, imene imatalikirana mayi akatenga pakati kangapo, kuyambira pansi pa chifuwa mpaka pachinena. Ena anapopedwanso mafuta m'mbali mwa mimba, ndipo ena ochepa anaikidwa kaukonde kolimbitsa minofu.

Pali nkhani yabwino imene amayi ambiri sauzidwa. Opaleshoni imeneyi imathera kunja kwa thumba limene muli matumbo, chikhodzodzo ndi chiberekero, choncho payokha siichititsa kuti ziwalo za m'kati zimatirirane. Ngati dokotala apeza kuti chikhodzodzo chamatirira ku chiberekero, gwero lake limakhala lina, monga kubereka kudzera pa opaleshoni, matenda akale a m'chiuno, kapena endometriose, matenda amene nyama yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake. Chimene chinasintha ndi khoma la mimba lenilenilo. Timitsempha ta magazi timene tinkachokera m'minofu n'kulowa molunjika m'khungu tinadulidwa, ndipo khungu la m'munsi mwa mchombo tsopano limadalira kwambiri magazi ochokera m'mbali, kunthiti ndi m'chiuno. Mchombo umadalira makamaka magazi odzera pa tsinde lake lopyapyala lija. Khoma lonse ndi lokungika ngati chikopa cha ng'oma, pansi pa khungu pali zipsera zolimba, ndipo amayi ambiri malo a pakati pa mchombo ndi chipsera amakhala adzanzi kwa zaka. Zimenezi ndi zimene zimapangitsa njira ina kukhala yophweka, ina kukhala yofuna kusamala kwambiri.

Njira imene imalambalala mavuto onsewa ndi yotulutsira chiberekero ku njira yoberekera. Dokotala sacheka pamimba ngakhale pang'ono. Amacheka mozungulira khomo la chiberekero, amakankhira chikhodzodzo pambali, amamanga mitsempha ya magazi umodziumodzi kuchokera pansi kukwera m'mwamba, chiberekero n'kutuluka, kenako amasoka kumapeto kwa njirayo. Kwa mayi amene ali ndi chipsera cha opaleshoni yokongoletsa, phindu lake ndi loonekeratu: khungu, mchombo ndi minofu yosokedwa ija zimatsala mmene zinalili. Koma ngakhale kwa mayi amene sanachekedwepo, bungwe la madokotala a amayi la ku United States lotchedwa ACOG limalangiza kuti pa matenda amene si khansa njira imeneyi izikhala yoyamba kuiganizira paliponse pamene ingatheke, chifukwa ululu umachepa, bala silivuta, ndipo mayi amabwerera msanga ku zochita zake, nthawi zambiri pakatha milungu itatu kapena inayi. Imathekanso ndi jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika, popanda kumugonetsa munthu, ndipo siifuna makina okwera mtengo. Pa chiberekero chimene chatsika, imeneyi ndiyo njira yake yeniyeni, chifukwa dokotala amakonzeratu ndi minofu imene yafooka.

Malire ake alipo, ndipo ndi enieni. Chiberekero chiyenera kukhala cha msinkhu woti chingadutse, ndipo madokotala ambiri amakhala omasuka ngati kukula kwake sikuposa kwa mimba ya milungu 12, ngakhale kuti ozolowera kwambiri amatha kutulutsa chokulirapo pochidula m'zidutswa. Chiyeneranso kukhala chomasuka, chosamatirira ku matumbo kapena ku khoma la mimba. Mayi amene anabereka ana ake mwachibadwa amakhala pabwino. Amene anabereka kudzera pa opaleshoni kamodzi saletsedwa, koma amene anachekedwa katatu kapena kanayi chikhodzodzo chake chikhoza kukhala chogwirana kwambiri ndi chiberekero, ndipo ngozi yochiboola imakula. Ngati pali chotupa chachikulu pa mabasiketi a mazira, kapena khansa imene ikufuna kuti dokotala aone m'mimba monse, njirayi siikwanira. Vuto lina, limene kwathu kuno ndi lalikulu, ndi lakuti si aliyense wochita maopaleshoni amene anaizolowera. Mayi ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi njira imeneyi mumaichita kawirikawiri?" Yankho likakhala lokayikakayika, ndi bwino kupempha kalata yotumizira ku chipatala china kusiyana ndi kuumirira.

Njira yachiwiri ndi ya kamera, imene pa mapepala amalemba kuti laparoscopia. Dokotala wa ku Pennsylvania, Harry Reich, ndiye amadziwika kuti anayamba kuchotsa chiberekero mwa njira imeneyi mu 1988. Amaboola timabowo titatu kapena tinayi ta mamilimita 5 mpaka 12, amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti khoma likwere n'kusiya malo ogwirira ntchito, ndipo chiberekero chikamasulidwa amachitulutsira ku njira yoberekera. Imakopa anthu ambiri chifukwa zipsera zake ndi zazing'ono ndipo kuchira kwake kumafanana ndi kwa njira yoyamba ija, komanso dokotala amaona bwino mabasiketi a mazira, machubu ndi malo onse amene amatirira. Koma pa njira zonse, imeneyi ndi imene opaleshoni yokongoletsa imaisokoneza kwambiri, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti amayi amene ali ndi ndalama amanyengeka mosavuta poganiza kuti chodula ndi chamakono ndicho chabwino koposa.

Choyamba ndi nkhani ya mchombo. Pa mayi amene sanachekedwepo, bowo loyamba amaliboola pamchombo chifukwa ndi pamene khoma lili lopyapyala. Pa mayi uyu mchombo ndi wosokedwa, tsinde lake likhoza kukhala lopindika kapena lomangidwa pakati pa minofu, ndipo kulicheka kungadule magazi ochepa amene amaudyetsa, mchombowo n'kuda kapena kufa. Madokotala osamala amayamba ndi malo ena, makamaka kumanzere, masentimita 3 pansi pa nthiti yomaliza, pamene pamadziwika ndi dzina la dokotala wa ku France, Raoul Palmer. Chachiwiri ndi kukungika kuja. Khoma limene linasokedwa silikwera mokwanira mpweya ukapopedwa, motero malo ogwirira ntchito amachepa, zitsulo zimayandikana kwambiri ndi matumbo, ndipo opaleshoni imatenga nthawi yaitali. Chachitatu, popeza khungu linakokedwa, zizindikiro zimene dokotala amadalira pofuna kupewa mitsempha ya m'khoma sizikhalanso pamalo pake. Zonsezi zili ndi njira yozithetsera, ndipo amayi ambiri amachitidwa bwinobwino, koma zimafuna munthu amene anakumanapo ndi mimba zotere. Timabowo tija timasiyanso tizipsera tatsopano pamalo oonekera, chinthu chimene mayi wa khungu lotupa zipsera ayenera kuchiganizira, pakuti kwa anthu akuda vuto limeneli silisowa.

Palinso za ulendo. Njira ya kamera imafuna kugonetsedwa kwathunthu, makina, magetsi odalirika ndi gulu lozolowera, ndipo zimenezi zimapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu ndi zolipira za m'mizinda. Kuchokera ku Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo ku Maputo ndi oposa 1,500. Kuvulala kwa mipaipi yotsitsa mkodzo kuchokera ku impso, kumene kumachitika kambiri pang'ono pa njira ya kamera poyerekeza ndi yocheka pamimba, nthawi zina sikuonekera tsiku lomwelo koma pakatha masiku angapo kapena milungu iwiri. Mayi amene wachitidwa opaleshoni kutali n'kukwera basi tsiku lachitatu amakhala wasiya m'mbuyo dokotala amene akudziwa zimene zinachitika m'kati, komanso kukhala pansi maola ambiri kumawonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi m'miyendo. Powerengera ndalama, awerengeretu ndi malo ogona milungu iwiri pafupi ndi chipatalacho. Ngati zotupa ndi zazikulu, afunsenso mmene azitulutsire, chifukwa mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku United States, linachenjeza kuti makina ogaya zotupa m'mimba angafalitse khansa yobisika imene inali isanadziwike. Ndipo aliyense wolowa m'chipinda cha opaleshoni ya kamera adziwe kuti akhoza kudzuka ali ndi bala lalikulu, ngati dokotala waona kuti kupitiriza ndi kamera kungaike moyo pangozi.

Njira yachitatu, yocheka pamimba modutsa pa chipsera chakale, ndi imene amayi ambiri amaiopa, koma ine ndikuona kuti imanyozedwa mopitirira muyezo. Ndi njira imene imapezeka kwambiri m'dziko muno, ku Hospital Provincial de Tete ngakhalenso m'zipatala za m'maboma zimene zili ndi chipinda cha opaleshoni, monga cha ku Ulongwe m'boma la Angónia. Kuyambira mu 1984 dziko la Mozambique lakhala likuphunzitsa akatswiri otchedwa técnicos de cirurgia, amene si madokotala koma amachita maopaleshoni akuluakulu a amayi m'zipatala za kumidzi, ndipo kucheka mopingasa m'munsi mwa mimba ndi ntchito imene manja awo anaizolowera. Chipsera cha opaleshoni yokongoletsa chili pafupifupi pamalo omwewo pamene amachekera nthawi zonse, ndipo ndi chachitali kuposa chimene akufunikira, choncho angathe kutsegula chigawo chapakati chokha. Mayi amatuluka wopanda chipsera chatsopano, ndipo ngati chakalecho chinali chotambalala kapena chokhota, dokotala angachidule n'kusoka bwino.

Pali zinthu zimene ziyenera kukambidwa tsiku la opaleshoni lisanafike. Chachikulu ndi chakuti mpeni udutse pa chipsera chenichenicho, osati masentimita angapo pamwamba pake. Kakhungu kotsala pakati pa mabala awiri oyandikana kamasowa magazi mbali zonse ziwiri, ndipo kakhoza kuda, kuwola, n'kusiya chilonda chotenga miyezi. Chipsera cha opaleshoni yokongoletsa nthawi zambiri chimakhala chotsika kwambiri, ndiye dokotala amakakamizika kusendanso khungu pang'ono kuti afike pamalo oyenera kutsegula minofu, ndipo m'mpata umenewo mumatha kudzadza madzi, n'chifukwa chake ena amasiyamo kapaipi kotulutsa madzi kwa masiku ochepa. Potsegula amakumananso ndi ulusi umene unasoka minofu ija, ndipo akaudula ayenera kusokanso molimba potseka, apo ayi m'munsi mwa mimba mumadzatukumuka. Ngati muli kaukonde, ayenera kudziwiratu, chifukwa kaukonde kakalowa tizilombo kamavuta kuchiza. Mtengo wa njirayi umalipidwa pa kuchira: masiku angapo m'chipatala, ululu wochulukirapo, ndi milungu 6 mpaka 8 munthu asanayambe ntchito zolemetsa.

Kucheka choimirira, kuchokera pachinena kukwera kumchombo kapena kupitirira, ndi kumene kumawonongadi maonekedwe amene mayi anawafuna, ndipo pamene bala latsopano lakumana ndi chipsera chakale ndi pamalo povuta kupola. Ngakhale zili choncho, pali nthawi zimene palibe njira ina yanzeru. Chiberekero chimene chakula mpaka kupitirira mchombo, chotupa cha pa mabasiketi a mazira chimene akuchikayikira kuti ndi khansa, kapena kutaya magazi mwadzidzidzi koopsa moyo, zimafuna kuti dokotala aone ndi kufika paliponse mofulumira. Mayi amene waumirira bala laling'ono pa chotupa chokayikitsa akhoza kuchititsa kuti chiphulikire m'mimba potuluka. Dokotala akanena kuti acheka choimirira, funso loyenera ndi lakuti afotokoze chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikakhala kukula kwa chotupa kapena khansa, nkhani ya chipsera ithere pomwepo.

Njira ina imene siiyenera kuiwalika ndi yosachotsa chiberekero n'komwe. Ngati vuto ndi magazi ambiri okha ndipo zotupa ndi zazing'ono, lupu ya mahomoni imachepetsa magazi kwambiri kwa amayi ambiri, ndipo mapiritsi a tranexamic acid amathandiza pa masiku a kumwezi. Mayi amene watsala pang'ono kusiya kusamba angathe kudikira akumwa mankhwala owonjezera magazi, chifukwa zotupa za mioma zimanyala kusamba kukatha. Kuchotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero ndi koyenera kwa amene akufunabe mwana, koma sikupulumutsa khoma la mimba, pakuti nthawi zambiri kumafunanso kucheka. Zonsezi sizikhudza mayi amene wapezeka ndi khansa, kapena amene wayamba kutaya magazi atasiya kale kusamba ndipo sanapimidwe.

Posankha njira, mayi amasankhanso zimene zichotsedwe, ndipo apa chipsera chakale chilibe gawo. Potulutsira ku njira yoberekera khomo la chiberekero limachoka nthawi zonse, pamene pocheka pamimba ena amalisiya. Popeza khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imagwira amayi ambiri m'Mozambique kuposa khansa ina iliyonse, ndipo imavuta kwambiri kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV, kulisiya kumatanthauza kupitiriza kupimidwa nthawi ndi nthawi, zimene kwa mayi wa ku Chifunde kapena ku Macanga wokhala kutali ndi chipatala si zapafupi. Mabasiketi a mazira akakhala abwinobwino ndipo mayi sanasiye kusamba, ndi bwino kuwasiya, chifukwa kuwachotsa kumabweretsa nthawi yomweyo kutentha kwa thupi ndi kuuma kwa njira yoberekera, kenako kufooka kwa mafupa. Machubu okha madokotala ambiri masiku ano amawachotsa, pakuti khansa zina zoopsa za mabasiketi zimayambira m'menemo. Nditchuleko pang'ono za mawu amene amamveka m'midzi akuti mkazi wochotsedwa chiberekero wasanduka mwamuna, kapena kuti bambo sadzasangalala naye m'nyumba. Zimenezi n'zabodza, ndipo ndi bwino kuti bambo apite nawo kukamva okha kuchokera kwa dokotala.

Pa zokonzekera, chinthu cha mtengo wapatali kwambiri ndi pepala lofotokoza opaleshoni yakale. Ngati linatayika, mayi alembere chipatala chimene anachitidwira n'kupempha lina, ngakhale likhale chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp, kuti dokotala watsopano adziwe ngati minofu inasokedwa, ngati mchombo unasunthidwa, ndi ngati muli kaukonde. Amayi ena amabisa nkhaniyi chifukwa choopa kunenedwa kuti ndi onyada, n'kumati chipseracho ndi cha pobereka, koma kubisa koteroko kumamuika dokotala mumdima pa nthawi imene akufunika kudziwa pomwe magazi a khungu akudzera. Ngati opaleshoni yokongoletsa yachitika posachedwa ndipo matenda a chiberekero si achangu, madokotala ambiri amakonda kudikira miyezi 6 kapena kuposerapo kuti khungu likhazikike. Magazi apimidwe msanga, chifukwa amayi a mioma ambiri amafika ali operewera magazi, ndipo malungo akaonjezerapo zimaipiraipira. Achibale opereka magazi akonzedweretu. Shuga akhale wotsika bwino, mankhwala a HIV asadukizidwe, ndipo wosuta fodya asiye milungu inayi kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike, chifukwa fodya amafinya timitsempha tomwe tija timene khungu lokokedwa likudalira.

Ngati pali mwayi wosankha tsiku, nyengo iganiziridwe. Mumzinda wa Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo bala la m'munsi mwa mimba limene lili pansi pa lamba womanga limanyowa ndi thukuta tsiku lonse. Miyezi ya Juni ndi Julayi ndi yabwinoko. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano vuto si kutentha koma ntchito, pakuti mayi amene wachekedwa pamimba nthawi yobzala kapena yopalira amakakamizika kugwira khasu bala lisanalimbe. Kusenza ndowa ya malita 20, kusinja, kubereka mwana kumbuyo ndi kukwera njinga yamoto m'misewu ya mabampu ziyenera kudikira milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo pa njira iliyonse, chimodzimodzinso kukhala malo amodzi ndi bambo, chifukwa ngakhale amene alibe bala pamimba ali ndi ulusi m'kati. Kuyenda pang'onopang'ono kuyambe tsiku lotsatira opaleshoni. Mwambo wothowa pamimba ndi madzi otentha ndi woopsa kwa mayi ameneyu, popeza khungu ladzanzi lija limapsa iye osamva. Ndipo akaona kutentha thupi, bala likuda m'mphepete kapena likutulutsa mafinya, madzi onga mkodzo akutuluka osalekeza ku njira yoberekera, kupweteka kwa m'mbali kumsana, mwendo umodzi ukutupa, kapena kupuma movutikira, apite ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo ali ndi mapepala a maopaleshoni onse awiri m'manja.